Mluzu wa ku Edingeni

Ndikukumbukira fungo la bokosi lomwe munkakhala kilarineti ya kutchalitchi kwathu pa Mzimba Boma, fungo la chuku losakanikirana ndi mafuta a makina osokera. Kilarinetiyo inali chitoliro chakuda chochita kulumikiza zidutswa, chodzaza tizitsulo tonyezimira, ndipo kukamwa kwake ankamangako kabango kopyapyala. Amene ankaisamala anali a Jere, mkulu wa kwaya. Paunyamata wawo anaimbapo mu bandi ina kummwera, koma mano akutsogolo anali atawathera, ndipo chitolirochi sichilira bwino popanda mano ochigwira. Choncho ankaphunzitsa ndi pakamwa ndi manja basi. Ine ndinali mu Sitandade 6 pamene anandisankha.

Mawu apansi sanandivute. Ankatuluka onenepa, ofunda, ndipo ndinkawamva akunjenjemera m'zala. Chomwe chinkandizunguza mutu chinali kachitsulo kamodzi kakumbuyo, pansi pa chala chachikulu chakumanzere. A Jere ankati ukakadina, zala zina zili pomwepo, mawu amalumphira pamwamba. Ndinkasuzumira kabowo kake, kochepa ngati njere ya mapira, osamvetsa kuti kangasinthe bwanji liwu la chitoliro chonse. Ndikakadina, kilarineti inkangoti kwiii, agalu a m'nyumba zoyandikana n'kuyamba kuuwa.

Tinkakonzekera Sabata la zokolola, ndipo nyimbo yathu inkakwera kwambiri pamzere womaliza. A Jere anandiuza mosakwiya kuti ndikalephera kufika pamenepo, chitoliro achipereka kwa Chimwemwe, mwana wa munthu wocheka matabwa ku Chikangawa, yemwe anali ndi chifuwa chachikulu. Ndinayamba kukhala kuseri kwa tchalitchi masana alionse, pansi pa bulugamu, mphepo ya mu Juni ikundiumitsa zala. Ndinkaganiza kuti mawu okwera amafuna mphamvu, ndiye ndinkaluma mpaka mlomo wam'munsi unachita chilonda mkati.

Pamenepo pankadutsa mtsikana wina pochokera kumjigo. Dzina lake anali Tiwonge, wa ku Edingeni, ndipo ankakhala ndi azakhali ake ogulitsa tomato mumsika. Kwawo kunalibe mwana wamwamuna, choncho ng'ombe za bambo ake ankadyetsa ndi iyeyo asanabwere pa Boma. Tsiku lina anaima, ndowa ili pamutu.

"Iwe, ukuchiluma ngati nzimbe. Chakulakwira chiyani?"

Ndinamuyankha kuti izi si za atsikana. Anatula ndowa, nayang'ana uku ndi uku ngati kukubwera wamkulu, pakuti mtsikana woimba mluzu ankamuona ngati wosaleredwa. Kenako analiza mluzu woitanira ng'ombe. Unayambira pansi, n'kukwera, n'kukwererabe mpaka unandilasa m'khutu. Chomwe ndinaona n'chakuti milomo yake sinasunthe konse.

Ndinaiwala zonyada. Ndinamufunsa kuti mawuwo akukwera bwanji pamene kamwa ili chimodzimodzi. Anati sanaganizepo. Analizanso pang'onopang'ono, atakwinya nkhope, chala chili pakhosi, ngati akumvetsera munthu wina. Ine ndinagwada kumusuzumira m'kamwa, iye n'kundikankha chipumi. Tinafufuza choncho mpaka madzi a m'ndowa analowa masamba.

"Ndi lilime," anatero pomaliza. "Likukwera kumbuyoku, mbwenu mphepo yathina."

Ndinamasula nsagwada, ndinakweza lilime ngati ndikufuna kuimba mluzu, ndinadina kachitsulo kaja. Poyamba panangotuluka mpweya. Kenako linabwera liwu lowonda, loyera, lomwe ndinali ndisanalimvepo, ndipo silinafune mphamvu n'komwe. Ndinalisunga mpaka mpweya unandithera. Tiwonge anasenza ndowa yake nati ng'ombe za kwawo sizikanabwera ndi kamluzu kotero, koma mwina thole, kamwana ka ng'ombe.

A Jere atamva m'mawa mwake anafunsa amene wandionetsa. Nditawauza anaseka mpaka nkhama zonse kuonekera. Anati zaka zonse zija lilime lawo linkachita zimenezi iwo osadziwa. Anayesa kuimba mluzu, panangotuluka mphepo, ndipo anandituma kuti ndikanene yewo chomene kwa mwana wa ku Edingeniyo.

Pa Sabatalo kutsogolo kwa tchalitchi kunadzaza matumba a chimanga, maungu ndi nkhuku zomanga miyendo. Pamzere womaliza liwu linagwedezeka pang'ono, koma linafika. Tambala wina pamulu wa zopereka anandiyankha, anthu n'kubisa kuseka m'manja. Chitoliro chinakhala changa. Tiwonge anali pabenchi la atsikana, akuyang'ana kudenga ngati sizikumukhudza.

Masiku ano kutchalitchi kuja kuli kiyibodi ndi masipika, ndipo mwana aliyense amafika pamawu okwera ndi chala chimodzi. A Jere anapita kalekale. Kilarineti ili kwathu pamwamba pa kabati, tizitsulo take tinachita dzimbiri. Ine ndi Tiwonge tinakwatirana nditamaliza koleji. Tinamuika m'manda ku Edingeni chaka chatha, mvula itangoyamba, ndipo bokosi lija sindinalitsegulebe.

Mwana wathu wamkazi sanayambe sukulu. Sabata yatha ndinamupeza pakhonde atasongola milomo, akuuzira mpweya wopanda liwu. Mlongo wanga, amene akundithandiza kumulera, anamuletsa kuti mtsikana satero. Ndinamupempha kuti amusiye. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwanayo, n'kumuuza kuti ayese kukweza lilime kumbuyoku.