Kalikuleta ya a Ndodo

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri bambowa akhala akuyenda m'tchire atanyamula ndodo yoyezera malo, ya mizere yofiira ndi yoyera ija, moti ku ntchito dzina lawo lenileni linaiwalika. Onse amangoti a Ndodo. Woyeza malo amaima pa makina ake a miyendo itatu, iwo n'kukaima patali, m'matope kapena pakati pa chitedze, ndodo ili chilili, kudikira kuti awakodole. Oyeza malo asanu ndi mmodzi adutsa m'manja mwawo. Amabwera ali anyamata osadziwa ngakhale kuimika makina, a Ndodo n'kuwaphunzitsa, pakatha mwezi omwewo n'kumawakuwira kuti, "Madala, sunthirani kumanzere!"

Ntchito ankaidziwa, chimene analibe ndi pepala. Ndiye atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu analembetsa maphunziro a Loweruka pa koleji, n'kumakhala pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wawo woyamba. Maphunziro onse anakhoza, kupatula masamu a chaka chomaliza. Lamulo la pa kolejipo linali loti munthu alembe katatu basi, akalephera achoke. Iwo anali atagwa kale kawiri.

M'mawa wa tsiku la mayeso achitatuwo, akazi awo anawasitira malaya oyera. Anaika zolembera ndi kalikuleta patebulo, banja lonse n'kugwada mozungulira. Mayiwo sanapemphe zambiri. Anangoti, "Ambuye, mukuwadziwa bambowa mmene avutikira."

Atanena ameni, mwana wawo wamkazi anatulutsa kalikuleta yake yatsopano.

"Adadi, tengani yangayi. Yanuyo yangotsala pang'ono kupempha penshoni."

"Iyayi, mama. Iyi imandidziwa," anatero a Ndodo akusisita yakale yomanga ndi mphira ija.

Inali ya kutchire, ndipo dzulo lake lomwe inagwira ntchito. Woyeza malo anawaitana mwadzidzidzi kuti akathandize pa malire a munda wina, iwo osakana, poti sanakanepo chiyambire.

Patatha maola atatu mayeso atayamba, chitseko cha holo chinatseguka, ophunzira n'kukhamukira pakhonde ngati njuchi.

"Pepala limeneli analemba ndi munthu wobatizidwa?" anakuwa mnyamata wina amene anzake ankamutcha Phokoso. "Ine nambala folo ndangoipatsa moni n'kudutsa!"

"Ine ndalemba dzina langa mwaluso kwabasi," anatero wina, "mwina andiganizira malikisi awiri."

A Ndodo anatuluka pomalizira. Aka kanali koyamba kutuluka m'holomo mtima uli m'malo. Mafunso onse anali atawayankha, ndipo mayankho anawakopera m'mphepete mwa pepala la mafunso.

"Taonani, madala akumwetulira lero!" anatero Phokoso. "Bwerani kuno, agogo a masamu, mutiuze nambala fili."

"0.026," anayankha a Ndodo mosakayika.

Panali mtsikana wa magalasi amene ankamutcha Pulofesa chifukwa sankaphonya. Anayang'ana pepala lake.

"Ine ndapeza 0.997."

"Nanenso!" anatero Phokoso. "Ndi yokhayo imene ndaitha, musandilande."

Ena atatu anavomera 0.997. A Ndodo anafunsa za nambala faifi. Inasiyananso. Sikisi chimodzimodzi, seveni chimodzimodzi. Anawo ankagwirizana okhaokha, iwo ali kwaokha.

"Ankolo, tandibwerekani kalikuleta yanuyo," anatero Pulofesa motsitsa mawu.

Anaiyatsa, n'kuloza ndi chikhadabo kachilembo kakang'ono pamwamba pa galasi. Kalikuleta imawerenga ngodya m'njira ziwiri. Pali madigiri, amene amagwira ntchito kutchire, ndipo pali maradiyani, amene mayesowo ankafuna. Ikakhala pa maradiyani pamaoneka R. Apa panali D, wa madigiri.

A Ndodo anakumbukira. Mwezi wonse powerenga inali pa R. Dzulo, ataima pa malire a munda uja, anaitembenuza ndi chala chawo chomwe kuti athandize woyeza malo, ndipo sanaibwezenso.

"Musadandaule, madala, njira amapatsanso malikisi," anatero Phokoso, nthabwala zitamuthera.

A Ndodo anapukusa mutu. Chizolowezi chawo cha kutchire n'choti nambala ikapezeka amailowetsa pompo, sadikira kumapeto. Choncho cholakwacho chinalowa pa mzere wachiwiri wa funso lililonse, n'kutsika nacho mpaka pansi. Mafunso anayi akuluakulu mwa asanu ndi awiri. Masamu owerengera zimenezo sankafuna kalikuleta.

"Pepani, ankolo," anatero Pulofesa powabwezera ndi manja awiri.

"Zikomo, mwanangu. Pitani, mukapume."

Anawo anabalalika pang'onopang'ono. Asanafike ndi pageti pomwe anali atayambanso kuseka, poti ambiri mwa iwo kanali koyamba kulemba, ndipo chaka chamawa chinali chawo.

A Ndodo anakhala pa benchi ya simenti pansi pa bolodi la zidziwitso. Foni inalira m'thumba. Anali akazi awo. Anaiyang'ana mpaka inasiya yokha. Adzawauza chiyani anthu amene anagwada nawo m'mawa? Anayesa kupemphera, koma mawu amene anabwera anali awiri okha: "Ambuye, mwaona."

Kenaka anadina mabatani atatu, R n'kuonekera. Anabwereza nambala fili mmene anailembera m'holo muja, osasintha kanthu. Galasi linaonetsa 0.997. Anabwereza faifi, yankho la Pulofesa linatuluka. Sikisi, seveni, zonse zinatuluka ndendende. Masamu aja anali atawadziwa.

Anakhala pomwepo nthawi yaitali, malaya oyera aja atanyowa kumsana. Wosesa atafika ndi tsache n'kuwapempha kuti akweze miyendo, anadzuka. Asanaike kalikuleta m'thumba anadinanso mabatani atatu aja, D n'kubwerera pamalo pake. Mawa kunali koyeza msewu, ndipo ku ofesi kunali kutabwera woyeza malo watsopano, mnyamata woti akamuphunzitse kuimika makina.