Wailesi ya pa Njinga ya Amalume

Kadayinamo ka pa njinga ya amalume kanali ngati kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kamutu kake kokhakhala katatsamira tayala lakutsogolo. Ntchito yake inali kuyatsa nyali basi, mpaka chaka chija mwera unagubuduza boti la asodzi a utaka kufupi ndi chilumba cha Mbenji. Bambo anga anali m'botimo. Ena anapulumuka, ena anapezeka atafa, koma za bambo panalibe wodziwa.

Amayi akanapita kukafufuza okha, koma ku Mbenji mkazi sapondako. Chinatsala ndi wailesi. Mtembo ukapezeka kutali, monga ku Nkhotakota, ankalengeza masana pa mauthenga a maliro. Tsono inali nthawi ija matipate atangoyamba kumene, katundu akukwera mtengo tsiku ndi tsiku. Mabatire athu tinawayanika padzuwa, kuwagogoda ndi mwala, mpaka anayamba kutuluka madzi.

Aphunzitsi a sayansi ndiwo analumikiza mawaya kuchoka ku dayinamo kufika ku wailesi, nkuikapo tizitsulo tina tomwe anazula m'wailesi yakufa. Anati, "Iziyankhula pokhapokha tayala likuthamanga." Tinayesa kuigadamiza njingayo nkumapukusa ndi manja, koma mawu ankangodukaduka. Mumchenga wa kwathu njinga sithamanga, ndiye tsiku lililonse tinkaikankha mpaka kumsewu wa tala wopita ku Senga Bay.

Amalume ankapalasa, amayi ali pakaliyala wailesi ili kukhutu, ine pachitsulo chakutsogolo nditatsina mawaya awiri kuti asalekane. Kamagetsi kankandiluma m'zala, thukuta la amalume likundidonthera m'khosi. Tinkapita, kubwerera, kupitanso, mpaka mauthenga atatha. Anyamata a pagolosale ankatikuwa, "A chipani chanji amenewo? Tigawireniko nsalu!" Amayi, munthu wamanyazi uja, sankacheuka n'komwe. Anyamatawo sindinawakhululukirebe mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti tinkaoneka oseketsa ndithu.

Tsiku lina, milungu itapitapo, wolengeza anati ku Nkhotakota kwapezeka thupi la msodzi wa ku Salima, ndipo anzake alizindikira. Ndinatsina mawaya ndi mphamvu zanga zonse. Asanatchule dzina, amayi anakoka malaya a amalume.

"Imani, achimwene."

"Mlongo, tatsala pang'ono kumva!"

"Ndati imani."

Amayi anatsitsa phazi nkulikwekwereza patala mpaka chala chinachucha magazi. Njinga inaima, wailesi nkukhala chete. Ndinalira ndi ukali. Zala zanga zinali zitatupa chifukwa cha dzina limeneli, ndiye iwo akulikana lili pakhomo?

Mawa lake amalume analawirira okha ku Nkhotakota kukaona thupilo. Amayi anatulutsa malaya onse a bambo, nkuwachapa, nkuwasita ndi simbi ya makala, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya kukwaya. Anasesa pabwalo kawiri. Panthawiyo palibe akanawatchula kuti namfedwa, ndipo maola amenewo anawagwiritsitsa ngati munthu amene akumira. Izi ndazimvetsa nditakula, nditakwatiwa.

Koma tsikulo ine ndinangoona malaya osita ataunjikidwa bwino pampando. Ndinathamanga mudzi wonse, khomo ndi khomo, kuuza aliyense kuti bambo akubwera.