A Ndolo ndi Fumbi la Opalo

Mumsewu wathu aliyense ankawaitana kuti a Ndolo, ngakhale kuti ankapanganso mikanda, mphete ndi zibangili. Ine ndine telala, ndipo kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kanali kogundizana ndi kanga. Pakati pathu panali khoma la matabwa basi. Anakwatira achemwali anga, choncho anali alamu anga.

Poyamba ankakonza mawotchi. Mafoni atachuluka, anthu analeka kubweretsa mawotchi, ndipo alamu ankangokhala pakhomo n'kumagawa moni kwa odutsa. Tsiku lina mnzawo wina woyendetsa lole anawasiyira thumba la miyala yapinki, akuti dzina lake opalo. Mwalawu ukakhala wosakonza suoneka bwino, umangokhala ngati sopo wogwera m'dothi. Koma alamu atakhula kachidutswa kamodzi ndi sandipepa n'kukanyowetsa ndi malovu, panatuluka mtundu wofewa ngati chikhatho cha khanda.

"Alamu, tabwerani mudzaone," anandiitana. "Njala yatha pano."

"Muzidya miyala?"

"Nanga inu mumadya nsalu?"

Anazula mota ya makina ochapira akutha, n'kumangirirako mwala wonolera. Opalo sachedwa kusweka. Poboola, akangokanikiza pang'ono, kamwala kankangoti phwa, ndipo ine ndinkamva kutukwana kwa chapansipansi kuseri kwa matabwa. M'kupita kwa nthawi manja anazolowera. Iwo ankadula, kupera ndi kupukuta mpaka mwala kuwala. Achemwali ankapinda waya wasiliva ndi pulayazi, kukolekamo timiyala ndi kutunga mikanda. Aphunzitsi, anamwino ndi atsikana okonzekera ukwati ankabwera kudzayesa ndolo pa kagalasi kolendewera kuchitseko. Ana awo awiri sanathamangitsidwenso kusukulu, ndipo nyumba inafoleredwa malata atsopano.

Miyalayo ankaipera youma. Ankati madzi amabisa ming'alu, komanso angalowe m'mota. Zenera linali limodzi, laling'ono, ndipo analitchinga ndi shelefu. Fumbi lake linali losalala kwambiri, losayabwa n'komwe. Madzulo ankatuluka nsidze ndi ndevu zili mbuu, amayi ogulitsa masamba n'kumawaseka kuti aba poda wa akazi awo. Iwo ankangoseka nawo.

Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono. Mota ikangozima, ndinkamva khosokhoso. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala anamwa onse mpaka kumaliza, koma thupi linkangotha. Titapita nawo ku chipatala chachikulu, anawajambula m'chifuwa, ndipo dokotala anafunsa ntchito yawo. Atamva, anati fumbi la mwala lakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa, ndipo mankhwala olichotsa kulibe.

"Ndiye ndileke ntchito?" anafunsa alamu.

"Lekani lero lomwe, bambo. Koma zimene zalowa kale sizitulukanso."

Sanaleke. Anangomanga mpango pamphuno n'kubwerera pamota, chifukwa mwana wamkulu, wamkazi, anali pafupi kulemba mayeso omaliza. Anadzaleka pamene miyendo inakana. Kuchoka kunyumba kufika pantchito ankaima pa polo la magetsi lililonse, atagwira m'maondo, ali wefuwefu ngati athamanga. Kenako analephereratu kutuluka pakhomo. Kugona chagada kunkawabanikitsa, choncho ankagona chokhala pampando wa pabalaza.

Apa ntchito anasinthana. Achemwali anakhala pamota, ndipo miyala yopera kale ankapita nayo kunyumba kuti alamu aziikoleka m'waya. Manja awo anali akadali abwinobwino. Ndolo zimene anapanga ali pampandopo zinali zokongola kuposa zonse za m'mbuyo.

Tsiku lina ndili pomwepo, mwana wamkazi uja anati akufuna kuphunzira kupera kuti azithandiza amayi ake. Alamu anafuna kukalipa, koma mpweya unawathera. Anamugwira pamkono, anadikira mpaka chifuwa chitadekha, kenako anati:

"Iwe, ukangokhudza mota ija, pamaliro anga usadzapondepo."

Mtsikanayo analira, koma anamvera. Pano akugulitsa mankhwala m'sitolo ina kutali.

A Ndolo anamwalira m'mawa wina achemwali akuwatenthetsera madzi osamba. Anawapeza atakhala tsonga, pulayazi ili pamiyendo. Ife amene tinanyamula bokosi tinkangoyang'anana, chifukwa linali lopepuka ngati muli mwana.

Maliro atatha, achemwali anatsegulanso kachipinda kaja. Ndinachotsa shelefu pazenera, n'kupachika ndowa yoboola pansi kuti madzi azidonthera pamwala wonolera. Fumbi linaleka. Koma zaka zonse zija iwo ndi amene ankasesa m'chipindamo m'mawa uliwonse ndi tsache louma, chitseko chili chotseka. Chaka chatha nawonso anayamba kutsokomola.

"Achemwali, tiyeni kuchipatala," ndinawachonderera.

"Akandiuza chiyani chimene sindikuchidziwa, achimwene? Ndinamumva kale dokotala uja."

Anadzalola pamene mwana wawo anabwera n'kuwagwadira pakhomo. Dokotala anayang'ana chithunzi cha m'chifuwa kwa nthawi yaitali, kenako anangofunsa kuti kunyumba akukhala ndi ndani.

Mota ndinaizula ndekha n'kukaisiya kwa ogula zitsulo zakutha. M'kachipinda kaja munalowa wometa tsitsi, ndipo amaliza wailesi tsiku lonse. Achemwali tinawatengera kwathu, m'chipinda cha ana. Akadali ndi kachitini ka opalo wopera kale, ndipo mpweya ukawalola amatunga mkanda umodzi kapena iwiri. Makasitomala akale amabwerabe kwa ine kudzafunsa za ndolo, ndipo ndimawauza kuti miyala ya m'kachitiniyo ikatha, zina sizidzakhalaponso.