Ramadhani Imene Ndinachepetsa Zaka

Fungo la futali wa mbatata wotendera nsinjiro limandibwezerabe pakhonde la nyumba yathu ya lendi, kuseri kwa msika wa Mangochi. Chaka chimenecho Ramadhani inagwa m'nyengo yotentha, moti mchenga wa pabwalo unkaotcha mapazi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali nditatsimikiza mtima kusala mwezi wonse koyamba, monga anzanga a kumadrasa.

Bambo anga anapita ku Joni ndili wamng'ono, osabwereranso. Amayi ankatilera ine ndi mlongo wanga Yusufu pogulitsa zitenje, zomwe ankakaoda kwa Che Saidi, bambo wa ku Chiponde wa njinga yamoto yofiira. Posakhalitsa Che Saidi anayamba kubweretsa okha zitenjezo kunyumba, ndipo sankafulumira kubwerera.

Vuto linali lakuti amayi anali atawauza kuti ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ine ndinkaononga masamuwo. Tsiku lina amayi akundiluka tsitsi anandinong'oneza, "Asiyatu, akakufunsa, uli ndi zaka zisanu ndi zitatu. Zikatheka, tonse tikakhala ku Chiponde, nyumba ya malata, iwe chipinda chakochako."

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndikangomva njinga, ndinkakhala pansi msanga n'kupinda miyendo kuti msinkhu usaoneke. Ndinkaumba ng'ombe zadothi ndi Yusufu, mawu nditawachepetsa. Che Saidi atandiuza kuti ndiwerenge mpaka makumi awiri, ndinalumpha dala manambala ena, iwo n'kundiwongolera mofatsa. Amayi ankangoti, "Kutalikaku n'kwa bambo ake."

Chakumapeto kwa Ramadhani Che Saidi anabwera dzuwa lili paliwombo, milomo yawo itauma ndi swaumu, kusala kwa tsikulo, atanyamula sikono ndi fulizesi. "Mwana wamng'ono chonchi asamasale, adwala," anatero. Ndinali ndisanaphonyepo tsiku. Ndinayang'ana amayi kuti andipulumutse, koma anangondiponyera diso. Ndinaluma sikono ija misozi ikutsika, Che Saidi n'kumati fulizesi wandizizira m'mano. Anzanga awiri a kumadrasa ankadutsa pamsewu ndipo anandiona. Mpaka tsiku la Idi dzina langa linali Wodya Masana. Ndinapirira, mtima uli pa chipinda chija.

Ukwati unachitika Idi itangodutsa. M'mawa wosamuka ndinamanga zovala zanga m'chitenje n'kukaima pafupi ndi njinga. Yusufu anali atakwezedwa kale pathanki ya njingayo. Ndipamene ndinaona amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, ataima pachipata, akundikodola.

Amayi anandilanda kamtolo kaja n'kukapereka kwa iwo. "Iwe utsala kuno, uzithandiza amayi ako aakulu. Ndiwe wamkulu tsopano, zaka khumi ndi ziwiri si zamasewera." Ananena mokweza, Che Saidi ali pomwepo. Iwo sanadzidzimuke n'komwe. Anapitiriza kumanga katundu ndi mphira, kenaka anandisisita pamutu n'kuliza njinga.

Kwa zaka zambiri sindinkadandaula kwenikweni za chipinda chija. Chinkandiwawa n'chakuti amayi ndi Che Saidi onse awiri ankadziwa zoona zake, ndipo wosewera ndinali ine ndekha. Lero ndine mayi, ndipo ndikumvetsa kuti mkazi wosiyidwa ndi ana awiri ankaopa kukanidwa, komanso kuti nyumba ya ku Chiponde inali ndi ana ena kale. Amayi akamasimba nkhaniyi pamaso pa zidzukulu amaseka mpaka kupukuta misozi, amati ndinali katswiri. Nanenso ndimaseka nawo. Koma sindinawafunsepo ngati pondiluka tsitsi paja ankadziwa kale kuti panjingapo padzakwera anthu atatu okha.