Makwerero a ku Evington

Raundi ija amalume ankaigulitsa motchipa moti aliyense wamaso akanafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ine ndinafunsa ndithu, musandiyese wopusa. Iwo anati mawondo atha, akubwerera kwawo ku Mulanje, ndipo sakufuna kuti anthu awo agwe m'manja mwa munthu wosamudziwa. "Ndikanafuna ndalama ndikanagulitsa kwa mzungu," anatero. "Koma iwe ndiwe mwana wanga."

Sanali amalume anga a magazi. Ndi bambo amene ananditola nditangofika ku Leicester kudzachita sukulu, ndinagona pa sofa yawo mpaka nditapeza kachipinda kanga. Tonse a mumpingo wathu wa Amalawi tinkawatcha amalume. Kwa zaka zambirimbiri ankatsuka mawindo a nyumba za anthu, ndipo raundi ndi imeneyo: nyumba zimene umazungulira mwezi ndi mwezi, eni ake akudziwa kuti ubwera. Pamwamba pa nyumbazo ankandisiyiranso vani yokalamba, makwerero, ndowa ndi timalabala topukutira. Theka la raundi linali ku Wigston, kwa azungu okalamba. Theka linalo linali ku Evington, kwa Amalawi anzathu, makamaka manesi amene anagula nyumba atatopa ndi renti ya m'tauni.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku keya, nyumba yosamalira okalamba. Pepala la digiri yachiwiri lili phee m'sutikesi, mwini wake ndikusintha matewera a anthu amene sankakumbuka n'komwe kuti ndine ndani. Msana unali utayamba kundiwotcha chifukwa chonyamula anthu. Ndinkadana nayo ntchito ija, sindibisa. Ndinkafuna kutulukamo, kudzuka m'mawa popanda wondiuza kuti lero uli pa shifiti yakuti. Zina zonse zinali zongowonjezera.

Mkazi wanga ndi nesi, ndipo ndi munthu wosathamangira zinthu. Nditamuuza, anangofunsa kuti nyumba iliyonse imalipira zingati. Ndinamuuza. Anandiyang'ana ngati ndanena nthabwala ya pamaliro.

"Imeneyo ndi mitengo ya chaka chiti?"

"Ndikakweza," ndinatero. "Amalume sanakwezepo chiyambire, n'chifukwa chake raundiyo ikutchipa. Ine ndikakweza pang'onopang'ono."

"Mukakwezera ndani? Akazi a atcheya a mpingo?"

Tinakangana masabata angapo. Iye ankati chinthu chabwino sachigulitsa ngati tomato wamadzulo. Ine ndinkati ndi mwayi, ndipo mwayi subwera kawiri. Pomaliza tinagwirizana kuti ndiyambe ndayenda nawo amalume kwa sabata, ndione ndi maso anga.

Ku Wigston ntchito inkayenda ngati madzi. Tikafika, makwerero pakhoma, sopo, labala, tatsika, agogo achizungu atulutsa dzanja pakhomo ndi tindalama tawo, tapita. Ku Evington zinali zina. Amalume ankaimika vani, n'kuvula chipewa, n'kuima pakhomo. "Odi kuno." Ankadikira mpaka wina atsegule. Kenako kulowa, kuvula nsapato, kukhala pansi, moni wa m'nyumba, moni wa ana, moni wa kumudzi, za wakuti amene wamwalira ku Ntcheu, za mtengo wa feteleza. Tiyi ankabwera ndi mandasi, kwina mpunga wa nkhuku. Mawindo ankatsukidwa pomaliza, ngati chinthu choiwalika. Nyumba zina amalume ankatuluka n'kundiuza kuti lero titsuka pansi pokha, m'mwamba tidzabwerera. Ine ndinkangoti ndi ulesi wa ukalamba. Mumtima ndinali nditawerengera kale kuti nditachotsa tiyi ndi macheza aja, tsiku limodzi ndingamalize nyumba zimene iwo ankamaliza masiku awiri.

Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza. Mwezi umenewo inali nthawi ya mkazi wanga yolandira chipereganyu cha azimayi a kumpingo, ndalama imene ankafuna akafolerere nyumba ya mayi ake. Anandipatsa yonse. "Musadzati sindinakuthandizeni," anatero. Ndinakasiya ntchito ku keya mutu uli m'mwamba, ndinagwira aliyense chanza, mpaka ndinagula keke. Amalume tinawaperekeza ndi mapemphero ndi nyimbo, ndipo atcheya a mpingo anandiika dzanja paphewa pamaso pa onse n'kunena kuti ntchito ya amalume yagwera m'manja abwino.

Mwezi woyamba ndinayesa kuchita monga amalume. Ndinkafika kunyumba mimba ili ndendende, m'thumba muli mbee. Munthu wakudyetsa nkhuku, wakufunsa za ana ako, wakuuza za shuga wa apongozi ake, ndiye utambasule dzanja pakhomo kuti ndipatseni zanga? Pakamwa pamalemera. Ena ankakumbuka okha. Ena ankati, "Tionana kutchalitchi, achimwene," ndipo kutchalitchiko tinkaonanadi, kugwirana chanza, basi.

Nditakweza mitengo, ku Wigston kunalibe phokoso. Agogo ena anandiuza kuti ankadabwa kale kuti bambo uja ankadya chiyani. Awiri atatu anasiya, ena onse anapitiriza. Ku Evington ndiye kunali ngati ndatukwana. Anthu a magalimoto awiriawiri pakhomo, anthu opita ku holide chaka chilichonse, nkhope zonse gwa. "Amalume sanatichitepo zimenezi." Mayi wina anandiuza akumwetulira kuti ndisaiwale kuti ndalama yogulira raundiyo inachokera m'matumba mwawo momwemo, kudzera m'chipereganyu. Chipereganyu si mphatso, mkazi wanga ankasonkha mwezi ndi mwezi ngati wina aliyense, koma ukayankha zotere amati wayamba matama.

Ndiye ndinati basi, zandikwana. Ngati akulipira pang'ono, asandidyerenso nthawi. Ndinayamba kugwira ntchito ku Evington monga ndinkagwirira ku Wigston: kufika, kutsuka, kulowetsa kakhadi pansi pa chitseko kosonyeza kuti ndabwera, kupita. Popanda odi, popanda tiyi. Kwa masabata angapo zinayenda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti mwina zingatheke.

Tsiku lina chakumasana ndinafika kunyumba ya atcheya. Galimoto imodzi inali pakhomo, koma kumeneko galimoto pakhomo sikutanthauza kuti muli munthu. Ndinatsuka pansi, ndinatsamiritsa makwerero, ndinakwera. Windo loyamba la m'mwamba linali la kuchipinda kwawo, ndipo makatani sanakumane bwino pakati. Sindinkayang'ana mkati. Munthu wotsuka windo amayang'ana galasi, amayang'ana pamene mbalame yaipitsa. Koma labala lija likamayenda pagalasi limalira, ndipo akazi a atcheya, amene anali atagona atachokera ku shifiti ya usiku, anadzidzimuka n'kupeza nkhope ya mwamuna pawindo la kuchipinda kwawo. Anakuwa. Ine pang'ono n'kugwa nawo makwerero.

Chimene ndinaona ndi duku ndi bulangete lofika m'khosi. Ndikanalumbira pa Baibulo, ndipo ndinalumbiradi pambuyo pake, koma sizinathandize. Ndinatsika, ndinagogoda, ndinapepesa ndili panja. Iwo anayankhira kuseri kwa chitseko. "Chotsani makwerero anu muzipita."

Madzulo ake mkazi wanga anali atamva kale, osati kwa ine. Anandidikira ndimalize kufotokoza, kenako anati, "Munkaganiza kuti amalume ankaodira chifukwa cha mandasi? Nyumba zonsezo ndi za manesi. Masana timagona. Odi uja ndiye ankachititsa kuti wina akwere akatseke makatani, kapena awauze kuti lero m'mwamba musakwere."

"Ndiye bwanji palibe anandiuza?"

"Angauze munthu wamkulu kuti pakhomo pa eni timaodira?"

Zinandiwawa chifukwa sankanama, komanso zinandiwawa chifukwa sinali nkhani yonse. Amalume anali nkhalamba, aliyense ankawaona ngati agogo ake. Iwo akanaonekera pawindo lija, mayi aja akanangokoka bulangete n'kuseka. Ine ndinali mwamuna wa msinkhu wa amuna awo. Zimenezi amalume sakanandigulitsa pamodzi ndi ndowa, ndipo ndikukhulupirira ankadziwa.

Pofika Lamlungu nkhani inali itamera miyendo. Ena ankati ndinakhala pawindopo nthawi yaitali. Ena ankati foni inali m'manja. Wina anakumbukira kuti kwawonso ndinachedwa kutsika pawindo la kubafa. Anthu amene ana awo ndinawanyamulapo pa ubatizo, amene ndinawathandiza kusamutsa katundu pa vani yomweyo osawalipiritsa, ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Mapemphero atatha anandiitanira m'kachipinda ka kuseri kwa holo imene timachita renti. Akuluakulu anakhala pamipando, ndipo pakati pawo panali atcheya eni ake, odandaula ndi iwo, oweruza ndi iwo. Sanakweze mawu. Anati sakundiganizira choipa chilichonse, koma mwana wa Mmalawi sangafike pakhomo pa mnzake ngati mbala, ngakhale atakhala kunja zaka zingati. Anati sukulu yambiri nthawi zina imachotsa ulemu. Ndinapepesa, manja kumbuyo ngati mwana wa pulayimale. Anati nkhani yatha, ndipo tinapemphera.

Nkhani ikatha kwa ife ndiye kuti yayamba. Sabata yomweyo mauthenga anayamba kulowa pafoni, aulemu onse. Achimwene, mwezi uno tiyambe tapuma kaye. Achimwene, abambo akuti azitsuka okha. Palibe anatchula za windo lija. Mwezi usanathe, ku Evington kunatsala nyumba yanga yokha yoti nditsuke, ndipo ine sindikhala n'komwe ku Evington, ndiye mudziwa kuti kunatsala zingati.

Ndinawaimbira amalume ku Mulanje. Anali atamva kale, nkhani zathu zimafika kumudzi msanga kuposa ndege. Anandimvetsera mpaka ndimalize, kumbuyo kukumveka nkhuku.

"Iwe, pakhomo pa munthu salowa ngati mbuzi," anatero. "Unkandiona ndikuchita bwanji?"

Ndinati bwanji osandiuza kuti anthu aja salipira, bwanji osandiuza chifukwa chimene ankaodirira. Anati ndinayenda nawo sabata yathunthu, maso ndinali nawo. Kenako anandipempha kuti wina akamapita kumudzi ndiwatumizire mafuta opaka m'mawondo, chifukwa a kumeneko sakugwira. Ndinati chabwino, amalume. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbuka kuti ndinawatumiziradi.

Wigston yokha sikanatidyetsa. Makasitomala ake anali okalamba, ndipo okalamba sachuluka. Ukafika mwezi uno upeza chikwangwani chogulitsa nyumba, mwezi winawo akuuza kuti agogo aja anawatengera ku keya. Ndinayesa kugogoda m'makomo atsopano nyengo yozizira yonse, zala zitauma, koma nyumba iliyonse inali ndi wake kale. Vani inayamba kudya kuposa mmene inkabweretsera.

Tsiku lina ndikumusiya mkazi wanga ku msonkhano wa chipereganyu, pakhomo pa atcheya pomwepo ndinaona vani yoyera, yatsopano. Mzungu wina anaima pabwalo ndi chindodo chachitali chopopera madzi, akutsuka windo lomwe lija la kuchipinda ali pansi, zomvera nyimbo zili m'makutu. Sanaodire, sanapatse munthu moni. Mkazi wanga anati amalipiritsa pafupifupi kawiri mtengo umene ine ankandikanira, ndipo onse amamulipira pafoni tsiku lomwelo.

"Iyeyu sakwera," anatero, ngati akuwaikira kumbuyo. Kenako anatsika n'kukalowa, chifukwa chipereganyu chija anali asanamalize kusonkha.

Za nyumba ya mayi ake sanazitchulepo mpaka lero. Bola akananditukwana.

Vani ndinagulitsa kwa ophwasula magalimoto. Nyumba zotsala za ku Wigston ndinangomusiyira mnzanga wina wa ku Zambia kwaulere, ndinalibe mtima wogulitsa kwa munthu zimene amalume anandigulitsa ine. Kenako ndinavala malaya abwino n'kupita ku keya kuja kukapempha ntchito yanga. Manejala anali yemwe ndinamusiya uja, anandilandira bwino, anati anthu akusowa nthawi zonse. Anandipatsa yunifolomu yothina chifukwa ya saizi yanga inali itatha, n'kundiika pa shifiti ya Loweruka ndi Lamlungu, imene aliyense amaikana. Sindinadandaule, kutchalitchi ndinalibenso chokachita.

Tsiku loyamba, nditamaliza kusambitsa agogo a m'chipinda cha kumapeto, manejala anandiitana m'chipinda chochezera. Anati mawa kubwera abale a okalamba kudzacheza, ndipo poti tsopano ndine katswiri, kodi sindingapukuteko mawindo aja mkati mokha ndisanapite kukadya. Ananena mwaulemu, akumwetulira, botolo la sopo ndi kansanza zili kale m'manja. Ndinalandira.