Maliro a Mayi ndi Ndege ya ku Joni

Achimwene anga akupita ku Joni kukagwira ntchito yophika kwa mzungu, anawagwira dzanja mayi n'kunena kuti, "Musalire. Pa ndege, Joni ndi Chileka ndi pafupi kuposa Lungwena ndi Blantyre. Mukangotsokomola, ndafika." Ine ndinavomereza, poti mapu ndinaphunzira ku sekondale. Ulendowo ndi wa maola awiri ndi kanthu, pamene ife kuchoka kunyanja kukafika ku Blantyre linali tsiku lathunthu, basi ikapanda kufera panjira.

Mayi anamwalira m'mawa, mwezi wa Okutobala. Kwathu ndife Asilamu, maliro sagona. Ndinapalasa njinga kupita ku Boma, anyamata a chipani n'kundiimitsanso powoloka Shire kuti ndionetse khadi. Ndinatsala pang'ono kuwaponyera kumaso. Ku positi ofesi ndinadikira mpaka foni inalowa.

"Musawaike," anatero achimwene pa foniyo. "Ndikwera ya mawa m'mawa. Ndikufuna ndiwaone nkhope."

Pobwerera ndinapeza manda akumbidwa kale, sanda yokulungira mtembo yadulidwa. Amalume, alongo awo a mayi, anandiitanira pambali.

"Mphwanga, dzuwali ukuliona? Usamuzunze mlongo wanga."

Ndinakalipa. Ndinawauza kuti iwo ndege amangoiona m'mwamba, ine ndikudziwa zimene ndikunena. Ndinawerengera pamaso pa ashehe ndi anthu onse: mwana woyamba wa mayi anyamuka m'mawa, masana ali pa Chileka, akapeza galimoto dzuwa lisanalowe ali pano. Kenako ndinakhala pakhomo n'kunena kuti wofuna kunyamula jeneza, chithatha cha maliro, ayambe wandichotsa ine. Anandisiya.

Mawa lake ndinaswera kumsewu, kuyang'ana fumbi la galimoto iliyonse. Pofika masana azimayi anali atatuluka m'nyumba yamaliro, ubani utalephera kubisa fungo. Amalume sanandifunsenso, anangonyamula. Kumanda nditati nditsike m'dzenje kuti ndiwalandire mayi, monga amachitira mwana wamwamuna, ashehe ananditchinga ndi mkono. "Mwawachitira zokwanira," anatero.

Achimwene anafika pa sadaka ya arubaini, patapita masiku makumi anayi. Anadzera pa sitima, kenako pa lole, ali ndi makina osokera, njinga ndi wailesi. Ndinawafunsa pamaso pa amalume kuti ndege ija inagwera kuti.

"Ndege imakana katundu wolemera, mphwanga," anatero akumasula zingwe za makina. "Ndikanasiya zonsezi? Komanso ndimadziwa kuti muwaika tsiku lomwelo. Si ndife Asilamu?"

Ndinawagwira pakhosi. Amene anatileretsa ndi amalume omwe aja, ndipo ndi tsiku limenelo pamene anayambanso kundilankhula.

Makina aja akusokabe pakhonde la achimwene, anthu amati amasoka bwino. Ine malaya anga akang'ambika ndimapalasa njinga kupita nawo kwa telala wa ku Boma.