Zoyera za m'ketulo yanga

Ketulo yamagetsi ija anandipatsa ndi amayi a kumpingo pa ukwati wathu, ndipo ndinkainyadira kwabasi. Titasamukira ku Area 25 tinapeza kuti madzi a pampopi wa pa poloti ija ndi a mjigo. Eni nyumba anakumba kuseri n'kuika thanki pamwamba. Madziwo anali oyera bwinobwino, koma sopo ankavuta kuchita thovu, ndipo posakhalitsa pansi pa ketulo panayamba kumata zoyera zolimba ngati njereza. Ukamathira tiyi wotsiriza, tizibenthu tina tinkagwera m'kapu. Ine sindinkalabadira, chifukwa nyumba zonse za pa polotiyo zinali ndi vuto lomwelo.

Nditabereka mwana wathu woyamba, apongozi anga, amayi awo a amuna anga, anabwera kuchokera ku Mulanje kudzatithandiza. Tsiku lomwe anafika anapeza mwana wawo ali chiweramire pa beseni, akuchapa matewera uku akuimba. Anaima ndi chikwama pamutu, kumuyang'ana nthawi yaitali. M'mawa mwake ndinawapatsa tiyi. Atatsala pang'ono kumaliza anasuzumira m'kapu, n'kutolamo kanthu ndi chala.

Kuyambira pamenepo tiyi wanga anamukana. Anakagula kapoto kawo katsopano kumsika, n'kumawiritsa madzi pa mbaula, awo ndi a mwana wawo. Akamaliza ankakapukuta n'kukatsekera m'chikwama. Ine ndinkangoti ndi zaukalamba, mwina amaopa magetsi.

Nyumba ija inalibe siling'i, ndiye mawu ankangodutsa pamwamba pa khoma. Masana ena ndikuyamwitsa kuchipinda, ndinawamva apongozi akuuza amuna anga pabalaza.

"Mwadyetsedwa inu. Kondaine ameneyu, ndamuona ndi maso angawa. Mwamuna wanji wochapa matewera? Ndawaimbira kale amalume anu, abwera mwezi ukatha, tidzakhale pansi ndi akuchikazi."

Anali atamanga tizibenthu tija pa ngodya ya chitenje, ati umboni. Mtima wanga unawira. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, pakamwa panga sipachedwanso, ndipo ndikanakhala kuti sindinanyamule khanda ndikanatuluka ndi ketuloyo n'kuwaikira pamphuno. Amalumewo ndiwo anali ankhoswe athu. Nkhani yoti ndimathira mankhwala m'zakudya ikanafika kwa iwo ndi kwa makolo anga, ngakhale ikanatha bwanji, dzina langa likanaipa ku mabanja onse awiri. Ndani akanadyanso chakudya chophika ine?

Amuna anga anaseka, n'kufotokoza kuti ndi madzi a kuno, ali ndi mchere wa m'nthaka. Apongozi anayankha kuti, "Madzi ndamwa chibadwire, sindinaonepo madzi obereka ufa." Sankanama ayi. Kwawo madzi amatsika m'phiri, poto amakalamba osaona zoterezi. Koma chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti kuyambira tsikulo amuna anga anasiya kugwira beseni, kuopa kuwonjezera nkhani. Ndinkachapa ndekha, msana ukuwawa, misozi ili m'maso, uku ndikutukwana mjigo ndi amene anaukumba.

Mwezi unali pafupi kutha pamene m'mawa wina ndinawapeza atakhala pakhonde, kapoto kawo kali pamiyendo, akukapala ndi supuni. M'kati monse munali mutayera, kuposanso ketulo yanga, poti iwo ankawiritsa madzi mpaka kutsala pang'ono kuphwa. Ndinafuna kudutsa ngati sindinaone, koma anandiitana.

"Amake mwana, tabwerani. Kapoto aka munakagwirako?"

"Ndikagwira bwanji, amayi, kiyi wa chikwama mumagona naye?"

Ndinayankha mwaukali ndithu, sindibisa. Iwo sanakwiye. Anapitiriza kupala pang'onopang'ono, kenako anandisonyeza pamkeka kuti ndikhale. Ndinakatenga mandimu m'nyumba, tinawafinyira m'kapotomo, n'kuthira madzi, n'kutereka pa mbaula monga ankachitira anzanga a pa poloti. Tinakhala pamkeka paja kuyang'ana zoyera zija zikusungunuka. Atatsuka, anakatembenuza uku ndi uku, kali mbee.

"Ndiye kuti mwana wangayu amachapa matewera mwa kufuna kwake?"

"Mwa kufuna kwawo, amayi."

"Popanda chilichonse?"

"Popanda chilichonse."

Anayang'ana kumsewu kumene kunkadutsa akabaza. Kenako anati, "Ine ndinabereka ana asanu ndi awiri. Bambo ake sanandinyamulireko ngakhale chidebe chimodzi, olo ndikudwala. Ndinkati amuna onse ndi otero."

Ukali wanga wonse unathera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Sanandipepese, ndipo ine sindinafunenso kupepesedwa. Anapempha foni, naimbira amalume aja kuti asavutike ndi ulendo, nkhani ija panalibe. Madzulo ake amuna anga atafika kuchokera kuntchito, asanavule n'komwe nsapato, apongozi anawakankhira beseni la matewera ndi phazi.

"Tachapani apa," anatero. "Akazi anu msana ukuwawa, inu simukuona?"